Ndine namwino woyeza khansa: kodi ndilowe uphunzitsi ndi kafukufuku?

Funso

Ndine namwino komanso mzamba. Ndagwira ntchito zaka 8, ndipo zaka 5 mwa zimenezi ndakhala ndili ku chipinda choyezera khansa ya khomo la chiberekero. Ndili ndi digiri yoyamba. Ophunzira unamwino akabwera kudzaphunzira ntchito ya manja, ndine amene ndimayenda nawo, ndipo zimandisangalatsa. Tsopano pa koleji ina ya unamwino patuluka mwayi wa uphunzitsi. Mtima ukufuna, komanso ndimalakalaka kudzachita kafukufuku wokhudza kuyeza khansa. Koma ndili ndi mantha. Kodi namwino wopanda labotale angafufuze chiyani pa khansa? Kodi PhD ndi yofunikadi? Nanga ndikachoka kuchipatala, manja anga sadzaiwala ntchito?

Yankho

Achemwali, zikomo polemba. Ndiyamba ndi funso la labotale, chifukwa ndi limene limabweza anamwino ambiri pakhomo asanagogode n'komwe.

Mawa mukafika kuntchito, amayi asanayambe kulowa, mutsegule kaundula wa chaka chatha. Muwerenge amayi onse amene mudawapeza ndi vuto pa khomo la chiberekero, kenako muwalondole mmodzimmodzi. Ndi angati adathandizidwa tsiku lomwelo? Ndi angati mudawalembera kalata yopita kuchipatala chachikulu, ndipo mwa iwowo ndi angati adakafikadi? Amene adadulidwa kamnofu kuti kakapimidwe, zotsatira zake zidabwera patatha masabata angati, nanga mwini wake adazimva? Amene mudawauza kuti adzabwerenso pakatha chaka, adabwera angati? Paliponse pamene kaundulayo akhale chete, pamenepo pali ntchito yokwanira digiri ya Masters, mwinanso PhD yomwe. Ine ndidayambira pomwepo, ndipo lero, nditaphunzitsa zaka zambiri, mafunso amene amandisowetsa tulo akadali omwewo.

Pa khansa imeneyi, anzathu a mu labotale adayenda kale mtunda wautali. George Papanicolaou adalengeza mu 1928 kuti maselo a khansa angathe kuoneka pa maikulosikopu kuchokera m'chikazi cha mayi, ngakhale kuti madokotala ambiri sadamulabadire mpaka mu 1943 pamene iye ndi Herbert Traut adatulutsa umboni wochuluka. Ku Germany, Harald zur Hausen ndi anzake adapeza mtundu wa kachirombo ka HPV wa nambala 16 mu 1983 ndi wa nambala 18 mu 1984, ndipo mitundu iwiriyi ndiyo imayambitsa pafupifupi 70 mwa khansa 100 zilizonse za khomo la chiberekero. Katemera wa HPV adavomerezedwa mu 2006. Tikudziwanso kuti nthendayi siithamanga: kwa mayi wa chitetezo chabwino m'thupi pamapita zaka 15 mpaka 20 kuti maselo osokonekera asanduke khansa, ndipo kwa mayi wa chitetezo chofooka, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala, zaka 5 mpaka 10. Nthawi yoigwirira ilipo yambiri. Komabe mu 2022 amayi pafupifupi 660,000 padziko lonse adapezeka nayo, ndipo pafupifupi 350,000 adamwalira, 94 mwa 100 alionse ali a m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene.

Ambiri mwa amayi amenewa sadafe chifukwa chakuti sayansi idasowa yankho. Adatayika panjira. Wina sadafike n'komwe ku chipinda choyezera, wina adayezedwa koma zotsatira sadazimve, wina adazimva koma tsiku limene adapita kukalandira chithandizo chipangizo chinali chitawonongeka ndipo sadabwererenso. Njira imeneyo amene amaidziwa mokhota mwake monse ndi namwino. Bungwe la WHO litakhazikitsa ndondomeko yothetsa khansa imeneyi pa 17 November 2020, lidaika zolinga zitatu zoti zikwaniritsidwe pofika 2030: atsikana 90 mwa 100 alionse akhale atalandira katemera pofika zaka 15, amayi 70 mwa 100 akhale atayezedwa ndi njira yodalirika pofika zaka 35 komanso kachiwiri pofika zaka 45, ndipo amayi 90 mwa 100 opezeka ndi vuto alandire chithandizo. Taonani cholinga chachitatucho. Malipoti ambiri amene ndimawerenga amanyadira chiwerengero cha oyezedwa, koma akafika pa olandira chithandizo mawu amachepa. Mayi woyezedwa n'kusiyidwa osathandizidwa tangomupatsa nkhawa basi, moyo wake sitinauteteze.

Pali kafukufuku wina wa ku India amene ndimafuna wophunzira wanga aliyense amudziwe, chifukwa ntchito yake yaikulu idagwiridwa ndi manja ngati anuwa. Rengaswamy Sankaranarayanan wa IARC, bungwe la WHO lofufuza za khansa la ku Lyon ku France, adatsogolera magulu awiri. M'boma la Dindigul, anamwino ophunzitsidwa bwino ankayeza amayi popaka viniga pa khomo la chiberekero kuti timabala tioneke toyera, ndipo ambiri opezeka ndi timabala ankathandizidwa pomwepo. Zotsatira zitatuluka mu 2007, odwala khansayi anali atachepa ndi 25 pa 100, ndipo omwalira nayo ndi 35 pa 100. M'boma la Osmanabad, amayi oposa 130,000 adagawidwa m'magulu anayi: oyezedwa HPV, oyezedwa ndi njira ya Papanicolaou, oyezedwa ndi viniga, ndi olandira chisamaliro cha nthawi zonse. Mu 2009 zidaoneka kuti kuyeza HPV kamodzi kokha kudachepetsa imfa pafupifupi ndi theka, koma viniga sadaonetse kusintha koti munthu n'kukudalira. Viniga yemweyo, dziko lomwelo, zotsatira zosiyana. Chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo adaganizira n'chakuti ku Dindigul amayi ambiri opezeka ndi vuto adalandiradi chithandizo. Ndipo aliyense amene wagwirapo ntchitoyi akudziwa chinanso: viniga amadalira diso la woyang'anayo, ndipo diso limaphunzitsidwa. Apa ndi pamene uphunzitsi ndi kafukufuku zimakumana. Mmene mudzaphunzitsire namwino kusiyanitsa banga loyera lenileni ndi kuyera wamba zikhoza kusintha chiwerengero cha maliro zaka 10 zikubwerazo, ndipo mungathe kufufuza ngati kaphunzitsidwe kanu kakugwiradi ntchito.

Choncho labotale si imene mukusowa. Chimene mukusowa, ndipo ndikunena mosapsatira chifukwa inenso ndinkachisowa, ndi luso lowerengera. Anamwino ambiri timaopa masamu a kafukufuku, koma m'nkhani yoyeza khansa mtima wabwino wopanda masamu umavulaza anthu. Muzikumbukira kusiyana kumeneku: wodwala amabwera yekha kudzakupemphani thandizo, koma pa ntchito yoyeza ndinu amene mumaitana munthu wosamva kupweteka paliponse, n'kumulonjeza kuti apindula. Lonjezo limenelo liyenera kukhala ndi umboni. N'chifukwa chake mu 1968 James Wilson ndi Gunnar Jungner adalembera WHO mfundo 10 zoti zikwaniritsidwe dziko lisanayambe kuyeza anthu ake nthenda iliyonse, ndipo zina mwa izo n'zakuti chithandizo chovomerezeka chikhalepo, komanso malo opimirako motsimikiza ndi ochiritsirako akhale okonzeka.

Tiyerekeze kuti mwayeza amayi 1,000, ndipo mwa iwo 20 ali ndi timabala toopsa. Njira yanu yoyezera imagwira 80 mwa odwala 100, ndiye mupeza 16, anayi akupulumukani. Njira yomweyo imanamizira 10 mwa amayi 100 abwinobwino, ndiye mwa 980 otsalawo, 98 muwauza kuti ali ndi vuto pamene alibe. Pamodzi mwauza amayi 114 kuti zotsatira sizili bwino, koma enieni ndi 16 okha. Manambalawa ndangopeka kuti muone mmene zimakhalira, koma chithunzi chake n'choona pa kuyeza kwa mtundu ulionse. Amayi 98 aja nawonso ndi anthu anu. Ena sagona tulo, ena akangana ndi amuna awo, ena alandira chithandizo chimene sankafunikira. Pa timabala ta khomo la chiberekero timavomereza zimenezi chifukwa kutentha kapena kuzizritsa kabala ndi chithandizo chopepuka poyerekeza ndi khansa imene tikuipewa, koma tiyenera kuvomereza tikudziwa mtengo wake, osati mwaumbuli.

Msampha wina ndi uwu. Amayi awiri ali ndi khansa yofanana, ndipo onse amwalira ali ndi zaka 50. Woyamba adadziwika ali ndi zaka 48 atayamba kutaya magazi. Wachiwiri adapezeka poyezedwa ali ndi zaka 43. Pa pepala, woyamba wakhala zaka 2 chipezekereni, wachiwiri zaka 7, ndipo wolemba lipoti anena kuti kuyeza kumatalikitsa moyo. Koma palibe ngakhale tsiku limodzi limene lawonjezeka; wachiwiriyo wangodziwa msanga. Ichi ndi chifukwa chake kafukufuku wabwino amawerenga imfa pakati pa anthu onse oitanidwa kuyezedwa poyerekeza ndi osaitanidwa, osati zaka zimene opezeka ndi nthenda akhala.

Mukadzawerenga za South Korea mudzaona kumene kusasamala kumafikitsa. Kumeneko zipatala zambiri zidayamba kuunika chithokomiro cha anthu abwinobwino ndi sikani ya pakhosi. Pofika 2011 chiwerengero cha opezeka ndi khansa ya chithokomiro chinali chitakwera kuwirikiza ka 15 poyerekeza ndi 1993, koma chiwerengero cha omwalira nayo sichidasinthe. Ankapeza tizotupa timene sitikanamupha munthu, ndipo anthu ambirimbiri adachotsedwa chithokomiro n'kuyamba kumwa mankhwala moyo wawo wonse. Nkhani ina imene imatikhudza ife aphunzitsi a unamwino mwachindunji ndi ya ku Shanghai. Amayi pafupifupi 266,000 ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu adagawidwa pawiri, gulu lina n'kuphunzitsidwa mwakhama kudziyeza okha mabere mwezi ndi mwezi. Zotsatira za mu 2002 zidaonetsa kuti imfa za khansa ya m'mawere zinali zofanana m'magulu onse awiri, koma ophunzitsidwawo adadulidwa zotupa zambiri zosaopsa. Nditawerenga zimenezi koyamba mtima udandipweteka, chifukwa ndinali nditaphunzitsa phunziro limenelo kwa zaka ndi chikhulupiriro chonse. Sindidasiye kuuza amayi kuti adziwe mabere awo ndi kuthamangira kuchipatala akaona chachilendo, chifukwa kubwera msanga ndi chotupa kumapulumutsadi. Koma ndidasiya kulonjeza chimene umboni sunalonjeze. Mphunzitsi amene amachitanso kafukufuku amasiyana ndi mnzake pamenepa: amatha kusintha zolemba zake za m'kalasi umboni ukasintha, ngakhale zikhale zimene adaphunzitsidwa ndi mphunzitsi amene ankamukonda.

Tsopano za uphunzitsi weniweniwo. Mukuti mumasangalala kuyenda ndi ophunzira m'chipatala, ndipo chimenecho n'chizindikiro chabwino. Koma kuyenda ndi ophunzira atatu pambali pa bedi n'kosiyana ndi kuima pamaso pa kalasi yodzaza. Ntchito ya pa koleji ili ndi zambiri zimene simuziona muli kunja: kukonza maphunziro, kulemba mayeso, kuchonga mapepala mpaka usiku, kuyendera ophunzira m'zipatala zotalikirana, misonkhano ya makomiti, kukonzekera alendo a bungwe loona za anamwino akamabwera kudzaunika sukulu, ndi wophunzira amene agogoda pa ofesi misozi ili m'maso chifukwa cha zimene sizikhudza maphunziro. Kafukufuku amachitika mu nthawi yotsala, ndipo ngati simuitchingira nthawiyo, siitsala. Chaka choyamba musadzipanikize. Chimenecho ndi chophunzira kuphunzitsa. Ngati pali mwayi wa satifiketi kapena dipuloma ya uphunzitsi wa zaumoyo, itengeni msanga. Kudziwa ntchito ndi kudziwa kuipereka kwa wina ndi maluso awiri.

Ndikuuzeni chimene chidandiphunzitsa ine. M'chaka changa choyamba ndidaphunzitsa za kuyeza khomo la chiberekero mwatsatanetsatane, zithunzi zonse, magawo onse, ndipo kalasi idakhoza bwino mayeso olemba. Titapita kuchipatala, mtsikana wina amene adapeza malikisi apamwamba adatenga sipekulamu, chipangizo chotsegulira njira kuti khomo la chiberekero lioneke, n'kuilowetsa molondola ndithu, koma kuyambira pamene mayiyo adagona pa bedi mpaka pamene adadzuka, sadamulankhule liwu ngakhale limodzi. Mayiyo adagwira m'mphepete mwa bedi mwamphamvu, maso ali kudenga. Potuluka ndidamumva akuuza mnzake panja kuti sadzabweranso. Cholakwa chinali changa. Ndidaphunzitsa khomo la chiberekero, mwini wake ndidamuiwala. Kuyambira pamenepo wophunzira wanga sakhudza chitsulo asanandisonyeze mmene angamulonjerere mayi, mmene angamufotokozere chimene chichitike, mmene angapemphere chilolezo, ndi mawu amene anganene zotsatira zikakhala zoipa. Pa mayeso a manja aja otchedwa OSCE, amene Ronald Harden ndi anzake a ku Dundee adawafotokoza mu 1975, zimenezi ndimazipatsa malikisi ofanana ndi a kagwiridwe ka chipangizo. Mayi mmodzi wochititsidwa manyazi amabweza anzake ambiri amene sitidzawaona n'komwe.

Musadzione ngati mlendo m'nyumba ya maphunziro apamwamba. Florence Nightingale, amene adatsegula sukulu ya unamwino pa chipatala cha St Thomas' ku London mu 1860, adasintha maganizo a akuluakulu a boma ndi manambala a imfa za asilikali. Adelaide Nutting adakhala namwino woyamba kupatsidwa upulofesa mu 1907 pa Teachers College ya yunivesite ya Columbia. Ku America kafukufuku wa anamwino adapatsidwa nthambi yakeyake ya boma mu 1986. Ndipo pa nkhani yanu yomweyi, Victoria Champion, namwino wa pa yunivesite ya Indiana, adakonza mu 1984 mafunso oyezera zikhulupiriro za amayi pa kudziyeza okha mabere, amene adamasuliridwa m'zilankhulo zambiri ndipo akugwiritsidwabe ntchito.

Za PhD, yankho lake likudalira kumene mukufuna kukafika. Kuti muphunzitse bwino, siifunika. Ndikudziwa aphunzitsi a Masters amene amatulutsa anamwino abwino kuposa mapulofesa ena. Koma kuti mutsogolere kafukufuku wanuwanu, kuti opereka ndalama akukhulupirireni monga mwini ntchito, kuti muziyang'anira ophunzira a digiri zapamwamba, komanso kuti mukwere mpaka pa upulofesa, m'mayunivesite ambiri PhD ndiye khomo lake. Popanda iyo, kawirikawiri mumakhala wotolera manambala m'kafukufuku wa anthu ena, funso ndi lawo, dzina lanu lili kumapeto kapena palibiretu. Popeza mwanena kuti kafukufuku mukumufuna, ndikuti muiike pa mapulani, koma osati chaka chino. Yambani ndi Masters. Kaya musankha ya uphunzitsi wa unamwino, ya zaumoyo wa anthu onse kapena ya chisamaliro cha odwala khansa, onetsetsani kuti muli maphunziro olimba a kafalidwe ka matenda ndi masamu a kafukufuku. Ngati mulibe, akafuneni padera. Muphunzirenso kufunsa anthu mozama ndi kusanthula mawu awo, chifukwa manambala adzakuuzani kuti amayi angati sadabwerere, koma chifukwa chake mudzachimva pakamwa pa mayiyo.

Nthawi ya PhD ikadzakwana, musankhe munthu, osati dzina la yunivesite. Ndi zaka 3 kapena 4 ngati mwasiya ntchito, ndipo zimaposa pamenepo ngati mukuphunzira uku mukugwira ntchito. Zaka zonsezo mudzakhala m'manja mwa wokuyang'anirani. Safunsa adadya phula: funsani amene adadutsa m'manja mwake. Amabweza zolemba pakatha masiku angati? Ophunzira ake amamaliza? Pa zimene asindikiza, dzina la wophunzira limakhala patsogolo? Katswiri wotchuka amene simungamuone miyezi inayi sangakuthandizeni ngati mphunzitsi wamba amene amawerenga ndime iliyonse.

Pa mutu wa kafukufuku ndili ndi pempho limodzi, ndipo ena akwiya nalo. Chonde musachite kafukufuku wina wofunsa amayi ngati adamvapo za khansa ya khomo la chiberekero, maganizo awo ndi otani, ndipo adayezetsapo kapena ayi. Mashelefu adadzaza ndi otere, ndipo onse amathera pa mawu amodzi, akuti pakufunika kuphunzitsa anthu. Ndi wosavuta kuchita, n'chifukwa chake amachuluka, koma sasuntha kanthu, ndipo mwakachetechete amaika mlandu pa mayi pamene nthawi zambiri vuto lili kwa ife. Yesani chinthu, muone ngati chikusintha zotsatira. Harold Freeman, dokotala wa opaleshoni pa chipatala cha Harlem ku New York, ataona kuti amayi osauka akufika ndi khansa ya m'mawere itakula kale, mu 1990 adaika anthu oti aziyenda ndi wodwala kuyambira pa zotsatira zokayikitsa mpaka pa chithandizo, akumuchotsera zopinga chimodzichimodzi. Lero njira imeneyi ili m'mayiko ambiri, ndipo m'malo ochuluka oyendetsa ake ndi anamwino. Funso la mtundu umenewo ndilo loyenera inu.

Ndipo mafunso atsopano akubadwa pompano. Mu 2021 WHO idalangiza kuti njira yoyamba ikhale kuyeza HPV m'malo mwa viniga: kuyambira zaka 30, pakatha zaka 5 mpaka 10 zilizonse, ndipo kwa amayi amene ali ndi HIV, amene chiopsezo chawo n'chokwera kasanu ndi kamodzi, kuyambira zaka 25, pakatha zaka 3 mpaka 5. Kusintha kumeneku kukubweretsa zovuta zimene labotale singathe kuyankha. Viniga amapereka yankho mayi akadali pa bedi. HPV nthawi zambiri amafuna kudikira, ndiye mayiyo mudzamupeza bwanji zotsatira zikatuluka? Mudzamufotokozera bwanji kuti ali ndi kachirombo kofala kwambiri, kopatsirana pogonana, koma alibe khansa, mwa njira yoti asataye mtima komanso banja lake lisagwedezeke? Pakati pa amayi a HIV opezeka ndi HPV amachuluka, ndiye woyamba kuthandizidwa akhale uti? Mayi akhoza kudzitenga yekha zoyezazo ndi kathonje, ndipo ku Australia kuyambira July 2022 aliyense woyenera kuyezedwa ali ndi ufulu wosankha njira imeneyi; kodi imafikadi kwa amene sadayezedwepo, kapena imangopeputsira amene ankabwera kale? Nanga amayi amene adasiya kusamba, amene malo oyambira timabala adalowa m'kati moti viniga saonetsanso bwino, tikuwachitira chiyani? Nanga namwino amene adaphunzira kuyeza zaka 3 zapitazo, diso lake likadali lakuthwa, ndipo njira yabwino yolinolera ndi iti? Lililonse mwa amenewa lingakudyereni zaka zabwino.

Musanafunse mayi ngakhale funso limodzi m'dzina la kafukufuku, mudziwe nkhani ya ku Auckland. Kuyambira 1966, pa National Women's Hospital, dokotala Herbert Green ankangoyang'anira amayi opezeka ndi maselo oopsa pa khomo la chiberekero osawapatsa chithandizo chokwanira, pofuna kutsimikiza maganizo ake akuti maselowo sasanduka khansa. Amayiwo sadauzidwe kuti ali m'kafukufuku. Ena khansa idawagwira, ena adamwalira. Zidaululika mu 1987, ndipo kafukufuku wa boma wotsogoleredwa ndi woweruza Silvia Cartwright adatulutsa lipoti mu 1988 limene lidasintha malamulo oteteza odwala m'dzikolo. Ndimaifotokoza kwa kalasi iliyonse, ndipo ndimawafunsa kuti akanakhala anamwino a m'chipinda chimenecho akanatani. Kwa inu tanthauzo lake ndi ili: musayeze mayi m'kafukufuku ngati simunakonze kumene akalandire chithandizo mukamupeza ndi vuto. Kaundula uja ndakuuzani kuti mutsegule, kumuwerenga pofuna kukonza ntchito yanu ndi udindo wanu, koma kutengamo manambala kuti mukasindikize kumafuna chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa anthu m'kafukufuku. Ndipo mukadzakhala mphunzitsi, muzisamala pofufuza ophunzira anu omwe. Munthu amene mumamuchongera mayeso savuta kunena kuti inde, ngakhale mumtima akukana. Wopempha chilolezo akhale wina, ndipo mayina musawaone.

Za kusindikiza ndinena mwachidule. Gwirizanani za mayina a olemba ndi mndandanda wake ntchito isanayambe, mochita kulemba. Chenjerani ndi magazini a pa intaneti amene amakutumizirani imelo yokutamandani, n'kulonjeza kusindikiza m'sabata imodzi mukangolipira. Amadya ndalama ndi mbiri yanu yomwe. Onani ngati magaziniyo imapezeka pa PubMed, nkhokwe ya pa intaneti ya zolemba za kafukufuku wa zaumoyo. Phunzirani kuwerenga zimene a Cochrane, gulu lounika umboni wa kafukufuku wa zaumoyo, amasonkhanitsa, ndipo funsani woyang'anira laibulale ngati koleji yanu ili pa Hinari, ndondomeko imene WHO idayambitsa mu 2002 yopatsa masukulu a m'mayiko osauka mwayi wowerenga magazini a zaumoyo. Pepala lanu loyamba likhoza kukanidwa. Langa lidakanidwa kawiri, ndipo ndemanga za amene adalikana ndizo zidandiphunzitsa kulemba.

Mantha anu omaliza ndi oona, ndipo musawataye. Manja amaiwala, diso limaiwala msanga kuposa manja, ndipo ophunzira amazindikira mphunzitsi amene akufotokoza chipatala cha zaka 10 zapitazo. Ndaona anzanga abwino akusanduka alendo m'wodi, akuima pakhomo ndi faelo m'manja. Mankhwala ake ndi amodzi: tsiku limodzi pa sabata ku chipinda choyezera, mutavala yunifolomu, mukuyeza amayi inuyo, osati kungoyang'anira ophunzira. Mulipemphe tsikulo pa nthawi ya mafunso olowera ntchito, pamene akukufunani, ndipo lilembedwe m'kalata ya ntchito, chifukwa lonjezo la pakamwa limasungunuka teremu ikangotentha. Pomwepo mufunsenso kuti mudzaphunzitsa maola angati pa sabata, ophunzira angati adzakhala m'manja mwanu kuchipatala, ngati amapereka tchuthi cha maphunziro ndipo pakatha zaka zingati, komanso ngati pa kolejipo pali wina amene akuchita kafukufuku panopa woti mungamatirire kwa iye. Mufunsenso za malipiro mosachita manyazi, chifukwa m'malo ena namwino akachoka m'chipatala amataya ndalama zapadera za usiku ndi za masiku opuma, ndipo ndi bwino kuzidziwa musanasaine.

Akakuyankhani bwino pa tsiku la kuchipatala ndi pa tchuthi cha maphunziro, ine ndikuti pitani. Akakana zonse ziwiri, dikirani mwayi wina uku mukuyamba Masters muli pomwe mulipo. Ndipo kaya mupita kaya mutsala, amayi aja muwapeze m'kaundula mawa kuti sadabwerere, lembani mayina awo pa pepala lapadera, mukhale pansi ndi mnzanu wa m'chipindamo, muyambe kuwaimbira foni sabata ino. Pamene mukuwaimbira, muzilemba m'kabuku zifukwa zimene akupereka, m'mawu awo omwe.